Unyolo wa aphunzitsi a mpira: udachoka ku Coimbra, udafika ku Songo, nanga ku Furancungo?

FURANCUNGO — M'chaka cha 2017 timu ya União Desportiva do Songo idapambana mpikisano wa Moçambola, womwe ndi waukulu pa mipikisano yonse ya mpira wamiyendo m'dziko muno. Aka kadali koyamba kuti timu ya m'chigawo cha Tete ikhale akatswiri a dziko lonse chiyambire mpikisanowu m'chaka cha 1976. Okonda mpira a kuno ku Macanga ndi ku Tsangano, omwe ambiri mwa iwo sadapondeko pa bwalo la ku Songo, adatsatira nkhaniyi pa wayilesi, ndipo mpaka lero amakumbuka mayina a anyamata omwe ankamwetsa zigoli. Koma mayina a anthu omwe ankakhala pa benchi, kabuku kali m'manja, satchulidwa kawirikawiri.

Anthu amenewa ndi aphunzitsi a mpira. Ena kuno amati trenadori potengera Chipwitikizi, pomwe a kufupi ndi malire a Malawi amati kochi. Pakati pa 2016 ndi 2022, aphunzitsi anayi adabweretsa zikho zisanu ku Songo: Moçambola katatu ndi Taça de Moçambique kawiri. Wofufuza mbiri ya anthu otere amapeza kuti nzeru za mpira sizimera zokha ngati bowa. Zimachoka m'manja mwa mphunzitsi kupita m'manja mwa wophunzira, wophunzirayo naye n'kudzapatsa wina. Unyolo umodzi wotere, womwe udafika ku Songo, udayambira kutali, pa timu ya ana a sukulu a pa yunivesite ina ku Portugal.

ZAKA 41 ZA KUDIKIRA

Mpikisano woyamba wa dziko la Moçambique lodzilamulira udachitika mu 1976, ndipo adapambana ndi a Textáfrica a ku Chimoio. Mphunzitsi wawo adali Mário Coluna, yemwe adasewera mu timu ya Benfica ya ku Lisboa pomwe inkatenga chikho cha ku Ulaya mu 1961 ndi mu 1962, komanso adali kaputeni wa timu ya Portugal yomwe idathera pa nambala yachitatu pa mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1966. Dziko litalandira ufulu, Coluna adabwerera kwawo kudzaphunzitsa. Pambuyo pake adakhala mtsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira la Federação Moçambicana de Futebol, ndipo adamwalira ku Maputo mu 2014.

Chichokereni pamenepo chikho chidakhazikika ku Maputo. Matimu monga Costa do Sol, Maxaquene, Desportivo, Matchedje ndi Ferroviário de Maputo ankangolandizana. Chisadafike chaka cha 2017, chikho chidatulukanso mu likulu katatu kokha: Têxtil do Púnguè ya ku Beira mu 1981, Ferroviário de Nampula mu 2004 ndi Ferroviário da Beira mu 2016. Kwa zaka zambiri dzina la chigawo chino lidanyamulidwa ndi Chingale de Tete, timu yomwe inkavutitsa alendo pa bwalo lake koma osafika pa mpando woyamba.

Timu ya ku Songo idabadwa mu 1982 ndi dzina la HCB, kampani yoyendetsa damu la magetsi la Cahora Bassa. Bwalo lake limatchedwa 27 de Novembro pokumbukira tsiku la mu 2007 lomwe ulamuliro wa damuli udachoka m'manja mwa Apwitikizi kubwera m'manja mwa boma la Moçambique. Ambiri amati timuyi imapambana chifukwa ili ndi kampani yolemera kumbuyo kwake. Ndi zoona kuti popanda ndalama palibe timu yomwe ingalipire osewera ndi kuyenda maulendo a Moçambola. Komatu kampaniyo idalipo kuyambira kale, ndipo padapita zaka zoposa 30 chikho cha dziko chisadalowe m'tauni ya Songo. Chomwe chidasintha zinthu ndi anthu omwe adapatsidwa benchi.

TIMU YA ANA A SUKULU

Kuti nkhani ya benchi ya ku Songo imveke bwino, nkofunika kubwerera m'mbuyo kwa munthu wina wobadwira m'dziko muno yemwe achinyamata ambiri sadamumvepo. Dzina lake ndi Mário Wilson. Adabadwira ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, mu 1929. Atasewera mu Desportivo ya kwawoko adapita ku Portugal mu 1949 kukasewera mu Sporting, koma patapita zaka ziwiri adasamukira ku Académica de Coimbra, komwe adasewera mpaka 1963.

Académica sidali timu ngati zinzake. Idali timu ya bungwe la ophunzira a pa yunivesite ya Coimbra, imodzi mwa mayunivesite akale kwambiri ku Ulaya. Masiku amenewo osewera ake ambiri adali ana a sukulu. M'mawa ankakhala m'kalasi, madzulo pa bwalo, ndipo Lamulungu ankakumana ndi Benfica, Sporting ndi Porto, matimu omwe osewera ake ntchito yawo idali mpira basi. Wilson adakhala kaputeni wa anyamatawa kwa nthawi yaitali mpaka adapatsidwa dzina loti Velho Capitão, kutanthauza kaputeni wakale.

Atasiya kusewera adakhala mphunzitsi wa timu yomweyo. Mu nyengo ya 1966 mpaka 1967 ana a sukuluwa adathera pa nambala yachiwiri mu ligi ya Portugal, kumbuyo kwa Benfica ya Eusébio ndi Coluna, ndipo adafikanso mu ndime yotsiriza ya chikho cha dzikolo, momwe adagonja kwa Vitória de Setúbal. Mu 1976, chaka chomwe Coluna ankapambana ku Chimoio, Wilson adatenga ligi ya Portugal ali mphunzitsi wa Benfica. Adaphunzitsanso timu ya dziko la Portugal kuyambira 1978 mpaka 1980, ndipo adamwalira mu 2016.

Koma ntchito yaikulu ya Wilson imaoneka mwa anthu omwe adadutsa m'manja mwake. Pa ana a ku Coimbra aja padali Artur Jorge, yemwe adadzatenga chikho cha ku Ulaya mu 1987 ali mphunzitsi wa Porto. Padalinso Toni, yemwe adadzapambana ligi kawiri ali mphunzitsi wa Benfica, mu 1989 ndi mu 1994. Timu ya pa sukulu idabala osewera, idabalanso aphunzitsi.

GOLOBOYI WA KU NAMPULA

Mu 1984 Wilson ankaphunzitsa timu ya Estoril, ndipo wachiwiri wake adali mnyamata wina wobadwira ku Nampula mu 1953, dzina lake Carlos Queiroz. Queiroz sadatchukepo ngati wosewera. Adangokhalako goloboyi wa Ferroviário de Nampula ali wachichepere. Chomwe adali nacho ndi sukulu: adaphunzira maphunziro a masewera olimbitsa thupi ku Lisboa, ndipo adalowa mu mpira kudzera pa khomo la uphunzitsi.

Atapatsidwa matimu a achinyamata a dziko la Portugal, adayenda m'madera kusakasaka ana a luso, nawasunga pamodzi kwa zaka zingapo akuwaphunzitsa kasewero kamodzi. Zotsatira zake zidadabwitsa dziko lapansi. Portugal idatenga chikho cha dziko lonse cha anyamata osapitirira zaka 20 kawiri motsatizana, mu 1989 ku Saudi Arabia ndi mu 1991 ku Lisboa. Ana monga Luís Figo, Rui Costa ndi João Pinto adachokera m'gulu limeneli.

Queiroz adaphunzitsanso timu ya dziko la South Africa, Real Madrid, Iran ndi Egypt. Koma pa mbiri yake pali chinthu chomwe aphunzitsi a m'midzi ayenera kuchiona: munthu yemwe adali kale ndi zikho ziwiri za dziko lapansi sadachite manyazi kukhala wachiwiri wa mnzake. Adagwira ntchito pansi pa Alex Ferguson ku Manchester United maulendo awiri, ndipo adali pa benchi pomwe timuyo inkatenga chikho cha ku Ulaya mu 2008.

Pakati pa 1994 ndi 1996 Queiroz adali mphunzitsi wa Sporting. Mwa osewera ake kutsogolo mudali mwana wa ku Beira, Francisco Conde Júnior, yemwe aliyense amamudziwa ndi dzina loti Chiquinho Conde. Apa ndi pomwe unyolo uja udakhotera njira ya ku Tete.

SEMEDO ADAYALA MAZIKO

Asadafike Conde, ku Songo kudali Artur Semedo, mphunzitsi wodziwika ndi mpira wopatsirana pansi komanso ndi kulankhula mosapsatira. Iyeyu adabwera ali kale ndi mbiri, pakuti adapambana Moçambola kawiri motsatizana ndi Liga Muçulmana ya ku Maputo mu 2010 ndi mu 2011.

Mu 2016 anyamata a Semedo adalimbirana ligi ndi Ferroviário da Beira mpaka kumapeto, koma adathera pa nambala yachiwiri. Chomwe sadachipeze mu ligi adachipeza mu chikho. Chaka chomwecho União Desportiva do Songo idatenga Taça de Moçambique, chikho choyamba cha dziko kulowa m'kabati ya timuyi. Semedo sadakhalitse kuti adye nawo zipatso za chaka chotsatira, koma adasiya gulu la osewera lomwe lidali litazolowerana ndiponso litalawa kukoma kwa kupambana. Wobwera pambuyo pake adapeza munda wolimidwa kale.

CONDE NDI CHAKA CHA 2017

Chiquinho Conde adabadwa mu 1965. Atasewera mu Maxaquene adapita ku Portugal mu 1987 kukalowa Belenenses, timu yomwe idagonjetsa Benfica mu ndime yotsiriza ya chikho cha dzikolo mu 1989. Adaseweranso mu Braga, Vitória de Setúbal ndi Sporting, ndipo mu 1997 adakaseweranso ku America mu New England Revolution. Mu timu ya dziko, ya Mambas, adasewera pa mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa katatu: ku Egypt mu 1986, ku South Africa mu 1996 ndi ku Burkina Faso mu 1998.

Ena amaganiza kuti katswiri wotere akangovula nsapato ndiye kuti wasanduka mphunzitsi. Sizidatero kwa Conde. Adayamba pang'onopang'ono m'matimu a kuno kwathu, kuphatikizapo Maxaquene, Ferroviário de Maputo ndi Vilankulo ya m'chigawo cha Inhambane. Adaona kupambana, adaonanso kugonja. Pofika ku Songo mu 2017 adali ataphunzitsa kwa zaka pafupifupi khumi.

Chaka chomwecho timuyi idatenga Moçambola. Mmodzi mwa anyamata omwe adawala kwambiri ndi Luís Miquissone, mwana wa m'chigawo chino, wamfupi koma wothamanga ngati mphepo. Kumayambiriro kwa 2018 adagulidwa ndi Mamelodi Sundowns ya ku South Africa. Pambuyo pake adatchuka mu Simba ya ku Tanzania, ndipo chigoli chomwe adamwetsa Al Ahly ku Dar es Salaam mu Febuluwale 2021 chidachititsa chidwi Aiguputo, moti chaka chomwecho adamugula.

Mu Malichi 2018 anyamata a Conde adakumana ndi TP Mazembe ya ku Congo, imodzi mwa timu zoopsa mu Africa. Ku Lubumbashi adagonja 4-0, ndipo ambiri adati nkhani yatha. Pa masewero obwereza, omwe adachitikira ku Beira, Songo idapambana 3-0. Idatuluka mu mpikisanowo chifukwa cha chigoli chimodzi chokha. Kuchokera apo idalowa mu mpikisano wachiwiri wa bungwe la CAF, nifika mu ndime ya magulu komwe idakumana ndi Al Masry ya ku Egypt, Berkane ya ku Morocco ndi Al Hilal ya ku Sudan. Kudzutsa timu yomwe yangomwa zigoli zinayi, n'kuibweza pa bwalo ili ndi mtima womenya nkhondo, ndi ntchito ya benchi.

NACIR NDI ZIVOJNOV

Conde adachoka ku Songo chaka cha 2018 chili pakati. Nthawi zambiri mphunzitsi akachoka mpikisano uli m'kati timu imagwedezeka, chifukwa wobwerayo amafuna kugwetsa zonse kuti amange zake. Nacir Armando, yemwe adalowa m'malo mwake, adali munthu wodziwa kale kuvuta kwa kupambana ndi timu ya kunja kwa likulu, pakuti ndi iye adaphunzitsa Ferroviário de Nampula pomwe inkatenga ligi mu 2004. Adapitiriza ulendo womwe adaupeza, ndipo pakutha pa 2018 Songo idali akatswiri kachiwiri motsatizana. Mu 2019 adawonjezerapo Taça de Moçambique.

Mu 2020 mpikisano sudachitike chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo mu 2021 chikho chidapita kwa Black Bulls. Mu 2022 chidabwereranso ku Songo, ulendo uno pansi pa Srdjan Zivojnov wa ku Serbia. M'zaka zimenezi mudadutsanso osewera a ku Malawi omwe omvera wayilesi a m'malire muno amawadziwa bwino, monga goloboyi Charles Swini ndi wosewera pakati John Banda.

Aphunzitsi anayi, makhalidwe anayi, koma timu imodzi. Aliyense adapeza china chomwe mnzake adasiya namangapo.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Nyuzipepala zimatchula dzina la mphunzitsi wamkulu, koma pa benchi ya timu ya Moçambola pamakhala gulu. Pali wachiwiri wake, yemwe amayendetsa zokonzekera za tsiku ndi tsiku ndi kukazonda adani. Pali mphunzitsi wa magoloboyi, chifukwa ntchito ya pa golo ndi ina ndipo siphunziridwa pongomuwombera munthu mipira. Pali woyang'anira mphamvu za thupi, yemwe amadziwa tsiku lothamangitsa anyamata ndi tsiku lowapumitsa. Pali wa zachipatala ndi wosisita minofu, komanso wosamala mayunifomu, nsapato ndi mipira.

M'dziko lalitali ngati lino gulu limeneli limagwira ntchito yolemetsa. Timu ya ku Songo ikafuna kukasewera ku Maputo, ku Nacala kapena ku Lichinga, imayamba yatsika phiri pa galimoto ulendo wa makilomita pafupifupi 150 kukafika ku bwalo la ndege la Chingodzi mu mzinda wa Tete. Imachoka malo okwera kulowa m'kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi, kenako kukasewera kunyanja kapena ku mapiri ozizira a ku Niassa. Wosewera akadya mosayenera, akagona mochedwa kapena akamwa madzi ochepa, miyendo imamuthera m'chigawo chachiwiri cha masewero. Owonera amanyoza wosewerayo, koma vuto limakhala litayambira pa ulendo. Ligi imapambanidwa ndi timu yomwe anyamata ake amafika mwezi wotsiriza ali athanzi, ndipo zimenezi amazikonza ndi anthu omwe mayina awo satuluka pa wayilesi.

KUCHOKA KU SONGO KUPITA KU MAMBAS

Atachoka ku Songo, Conde adabwerera ku Portugal kukaphunzitsa anyamata osapitirira zaka 23 a Vitória de Setúbal. Kwa munthu yemwe adali atangopambana ligi, ena adaona ngati watsika. Koma monga zidalili ndi Queiroz, kuphunzitsa ana ndi komwe kumanola mphunzitsi, chifukwa mwana samvera dzina, amamvera zomwe wamvetsa.

Mu 2021 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wa Mambas. Nthawi imeneyo Moçambique idali isadapitekonso ku mpikisano wa mayiko a mu Africa chichokereni ku Angola mu 2010. Mu Seputembala 2023 Mambas adagonjetsa Benin 3-2 pa bwalo la Zimpeto, natenga malo opita ku Côte d'Ivoire. Kumeneko, mu Januwale 2024, adafanana mphamvu 2-2 ndi Egypt, yomwe idapulumukira pa penate ya Mohamed Salah nthawi itatha kale. Adagonja 3-0 kwa Cabo Verde, koma pa masewero otsiriza adabweza zigoli ziwiri m'mphindi zowonjezera nafanana 2-2 ndi Ghana.

Ku Morocco, mu Disembala 2025, Mambas adagonjetsa Gabon 3-2. Aka kadali koyamba kuti Moçambique ipambane masewero pa mpikisanowu chiyambireni kupitako mu 1986, chaka chomwe Conde mwini wake adali pa bwalo ngati wosewera. Timuyi idadutsa ndime ya magulu koyamba m'mbiri yake, kenako idagonja kwa Nigeria. Zomwe adalephera ndi miyendo yake m'maulendo atatu, Conde adazichita ali pa benchi patapita zaka 39.

NANGA KUNO KU MAPIRI?

Ku Furancungo, ku Chidzolomondo, ku Tsangano ndi ku Ntengo-wa-Mbalame mpira sufunika kuulalikira. Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi bwalo, ngakhale lotsetsereka, la mitengo ya bulugamu m'malo mwa zitsulo za golo. Ana amayamba ndi mpira wachikulunga asadayambe kuwerenga. Anthu akamaliza kukolola chimanga ndi kugulitsa fodya kapena mbatata ya kachewere, midzi imaitanizana Lamulungu masana, ndipo pa bwalo pamadzaza kuposa pa msika.

Mpira wa kuno uli ndi mizu iwiri. Nthawi ya nkhondo, yomwe idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri a ku Macanga, Angónia ndi Tsangano adathawira ku Malawi, makamaka ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ana adakulira kumeneko akumvera za Bullets ndi Wanderers, ndipo pobwerera adabwera ndi mawu ngati kochi ndi goloboyi. Lero mnyamata yemweyo amatha kusapota timu ina ku Blantyre, ina ku Songo, ina ku Lisboa. Chidwi chilipo, luso liliponso, ndipo ana okulira m'dera lokwera ngati lino, oyenda mitunda popita ku sukulu ndi kumunda, sachedwa kupirira.

Chosowa ndi mphunzitsi. M'matimu ambiri a m'midzi wosankha osewera ndi kaputeni, kapena mwini mpira, kapena wamalonda yemwe adagula mayunifomu. Kukonzekera masewero kumatanthauza kuzungulira bwalo kangapo kenako kugawana pawiri n'kuyamba kumenyana. Mnyamata amafika zaka 18 asadauzidwepo kuti aziimitsa mpira ndi mwendo wamanzere, kuti azidzutsa mutu asadalandire mpira, kapena kuti wosewera kumbuyo ayenera kuima pati mnzake akapita kutsogolo. Wovulala bondo amamangidwa nsanza n'kubwezedwa pa bwalo. Ofufuza osewera akadzamuona, amayamikira liwiro lake koma amamusiya, chifukwa zomwe adayenera kuphunzira ali ndi zaka 12 nzovuta kumuphunzitsa ali ndi ndevu. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

KHOMO NDI SUKULU

Mbiri ya Wilson ndi ya Queiroz ikuloza komwe kuli khomo. Onse awiri adakulira pa malo pomwe mpira ndi sukulu zidali chinthu chimodzi. Kuno munthu yemwe amaona ana onse a m'mudzi masiku asanu pa sabata si wofufuza osewera wa ku Songo ayi, koma mphunzitsi wa pa sukulu, makamaka wa phunziro la Educação Física.

Njira yake ilipo kale. Masewera a ana a sukulu, a Jogos Desportivos Escolares, amayambira pa sukulu, n'kupita pa boma, pa chigawo, mpaka pa chikondwerero cha dziko lonse, chomwe mu 2013 chidachitikira mu mzinda wa Tete. Mwana wa ku Macanga yemwe wakonzedwa bwino angathe kukwera makwerero amenewa mpaka kuonedwa ndi matimu akuluakulu, osasiya sukulu. Kwa wofuna uphunzitsi wa mpira nakonso kuli makwerero: ziphaso za bungwe la CAF zimayambira pa D, n'kukwera pa C, B, A mpaka Pro, ndipo maphunziro a m'munsi amakonzedwa ndi bungwe la mpira la dziko mogwirizana ndi mabungwe a m'zigawo. Chiphaso choyamba sichifuna kuti munthu akhale katswiri wakale. Chimafuna munthu wodziwa kulemba, woleza mtima ndi ana ndiponso wosunga nthawi.

Chigawo cha Tete chilinso ndi sukulu za ukachenjede zomwe kale kudalibe. Mu mzinda wa Tete ndi ku Songo kuli masukulu a politekiniki, ndipo ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze komanso sukulu yosula aphunzitsi. Wophunzira uphunzitsi yemwe wasewera mu timu ya pa sukulu yake pansi pa mphunzitsi wodziwa, mawa akatumizidwa ku sukulu ya kumudzi ku Macanga kapena ku Tsangano amapita ndi nzeruzo pamodzi ndi choko. Umu ndi momwe ana a ku Coimbra adasandukira aphunzitsi a Porto ndi Benfica.

Zofunika poyambira si zambiri: mipira ingapo, wezulo, kabuku kolembamo mayina ndi zaka zenizeni za ana, madzi akumwa pa bwalo, ndi masana awiri kapena atatu pa sabata. Akuluakulu a sukulu angathandize posatenga maola a masewera kuwapatsa phunziro lina. Amalonda omwe amagula mayunifomu ndi kuika mbuzi kapena ndalama pa mpikisano wa m'midzi angathe kupatulako pang'ono kulipirira ulendo wa mphunzitsi mmodzi wopita ku maphunziro ku Tete, chifukwa yunifomu imang'ambika pakutha pa chaka pomwe mphunzitsi amakhala zaka makumi awiri. Makolo nawo ayenera kufunsa yemwe akuphunzitsa ana awo, ndi kukana mphunzitsi wouza mwana kuti asiye sukulu kapena aname zaka.

Kuchokera pa Mário Wilson kufika pa Queiroz, pa Queiroz kufika pa Conde, pa Conde kufika pa Miquissone, padutsa zaka zoposa 50 ndi mayiko angapo, koma pa mfundo iliyonse ya unyolowu padali munthu yemwe adakhala pansi kuphunzitsa mnzake. Songo idadikira zaka 35 chibadwire kuti itenge ligi. Ku Furancungo ana alipo kale pa bwalo masana aliwonse, ndipo chomwe akudikira ndi munthu wobwera ndi wezulo ndi kabuku.